Za Chiphaso cha Nyumba ya Alendi

Ndati ndikusimbireni mlandu umene ndinakhala nao mumtima mwanga m'chaka cha 2018, chifukwa cha kalata imodzi yochokera ku khonsolo ya mzinda umene ndikhalamo kuno ku England. Dzina la mzindawo sindilitchula, pakuti amene ananditumizira kalatayo ndi anthu a ntchito chabe, ndipo sanandilakwire koposa umo ndinafunira kudzilakwira ndekha.

Ndinafika m'dziko muno m'chaka cha 2003, ndi kulowa ntchito yosamala nkhalamba, monga achitira anzathu ambiri. Patapita zaka ziwiri mkazi wanga ananditsata. Tinagwira ntchito usana ndi usiku, ndi kusonkha chipereganyu pamodzi ndi anzathu, kufikira tinapeza ndarama zoyambira ngongole ya ku banki. Ndipo tinagula nyumba yakale ya njerwa zofiira, ya zija zomangidwa mophatikizana m'mbali mwa mseu, yokhala ndi zipinda pansi ndi zina pamwamba. M'chaka cha 2016 tinasamukira pafupi ndi ntchito ya mkazi wanga, ndipo nyumba yakale ija tinaika alendi, munthu ndi chipinda chache, munthu ndi chipinda chache, onse asanu, koma pophikira ndi posambira ndi pamodzi. Anai anali a kwathu, wachisanu anali mai wa ku Zimbabwe amene makolo ache anachokera ku Dedza. Ndinadziyesa munthu wokoma mtima, pakuti lendi yanga inali yochepa, ndipo wochedwa kulipira sindinali kumlondalonda.

Tsono kalata ija inati: kuyambira pa 1 October 2018, nyumba iri yonse mokhala anthu asanu kapena oposa, osakhala a banja limodzi, ophika kapena kusamba malo amodzi, iyenera kukhala ndi chiphaso cha khonsolo. Nyumba yotere Angerezi aitcha HMO. Lamulo lache si latsopano ai. Lichokera mu Housing Act ya 2004, ndipo linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2006. Koma kufikira pamenepo linali kugwira nyumba zazitali zokha, zosanjikizana katatu kapena koposa, kotero kuti ife a nyumba zosanjikizana kawiri tinali kugona tulo. Tsopano mau a kutalika kwa nyumba anachotsedwa, ndipo ukonde unatikola tonse. Pansi pa kalatayo panali mtengo wa chiphaso: £1,200, cha zaka zisanu.

Nditawerenga ndinapsa mtima kwambiri, ndipo ndidziwa kumene mkwiyowo unachokera. Ife a ku Malawi tikamva kuti Boma lifuna ndarama chifukwa cha nyumba, chiripo chimene chimauka m'mimba mwathu. M'masiku a Harry Johnston, zaka za m'ma 1890, Boma la Angerezi linaika msonkho wa mashilingi 3 pa nyumba iri yonse. Ndipo agogo anga, amene anaona msonkhowo utakula m'zaka zotsatira, anali kutisimbira madzulo umo amuna anali kuthawira kuphiri pakumva kuti amesinjala alinkudza, ndi umo akazi anali kugwidwira kuti amuna ao atuluke ndi ndarama. Msonkho umenewo sunafolere denga la munthu ngakhale mmodzi. Ndipo ine ndinati mumtima, Taonani, ndaoloka nyanja, ndakalamba ndi kunyamula nkhalamba za eni dziko, ndipo msonkho wa agogo wandipeza konkuno.

Loweruka lache ndinapita kwa mnzanga wina, mkulu kwa ine, amenenso ali ndi nyumba za alendi, ndipo adziwa kuyenda ndi malamulo monga mlenje adziwa mapazi a nyama. Iye anaseka nati, “Achimwene, musataye ndarama zanu. Njira ziripo ziwiri. Yoyamba, lamulo linena anthu asanu; chotsani mmodzi atsale anai, ndipo khonsolo siidzakudziwani.” Izi zinali zoona pa nthawi ija mumzinda mwathu, chinkana makhonsolo ena, mwa mphamvu imene lamulo lomwelo liwapatsa, amafuna chiphaso ngakhale pa nyumba ya anthu atatu. “Yachiwiri,” anatero, “lamulo linena anthu osakhala a banja limodzi. Nanga aja muli nao si abale okhaokha? Awiri ndi a Phiri, ndipo onse amatchulana achimwene ndi achemwali. Mzungu adzasiyanitsa bwanji?”

Pano ndiyenera kuima pang'ono, pakuti mau awa anandikoma m'khutu koposa umo ndifunira kuvomera. Lamulo la kuno liri ndi mndandanda wa amene liwayesa a banja limodzi: mwamuna ndi mkazi wache, makolo, agogo, ana, adzukulu, abale ndi alongo, amalume ndi azakhali, ana a abale, ndi asuweni. Mndandandawo ukatha, chibale chatha. Koma kwathu chibale sichitha msanga chotero. Munthu wa mfunda wako ndi mbale wako chinkana mwakomana lero pa basi. Wa mudzi woyandikana ndi wanu, mukakomana kutali, ndi mwana wa amai ako. Mnyamata amene anali m'chipinda chaching'ono cha pamwamba, wa ku Ntcheu, anali kunditcha malume, ndipo ine ndinali kumuyankha osaona bodza m'menemo. Ndinayamba kudziuza kuti ndikalemba kuti onse ndi abale, sindinama, koma ndalankhula chilankhulo changa. Ndinayenda nao maganizo amenewa masiku atatu, ndi kuwasula ndi kuwanola, kufikira anaoneka ngati nzeru.

Usiku wachitatu ndinawaulula kwa mkazi wanga. Iye anali kusita yunifomu yache, ndipo sanatukule mutu. Anati, “Bambo a Chikondi, wofunsayo mukudziwa chimene akufunsa. Mukamuyankha china, mwamnamiza, chinkana mau anu onse akhale oona.” Anatembenuza malaya, nati, “Ndipo mukachotsa mmodzi, muchotsa yani? Si mwana wa ku Ntcheu uja, amene alipira zochepa? Mumtcha mphwanu pofuna kuthawa £1,200, ndipo mumtulutsa panja pofuna kuthawa ndarama zomwezo.” Ndinayankha kuti akazi sadziwa za ndarama, ndiwo mau amene mwamuna amanena akasowa chonena. Pamenepo anaika simbi pansi nandifunsa, “Kodi mwaiwala nyumba imene ndinakupezanimo?”

Sindinaiwale. M'nyumba imene ndinafikira m'chaka cha 2003 tinalimo anthu asanu ndi anai. Mmodzi anali kugona m'chipinda cha pansi pa nthaka, chopanda zenera, mmene kale anali kusungiramo malasha. Pa denga la pakhonde panali kachipangizo kolira kakamva utsi, koma wina anakachotsa batire chifukwa kanali kulira tikamakazinga usipa. Usiku wina wa chisanu mnzathu anayanika zovala pa mbaula ya magetsi nagona. Chimene chinatipulumutsa ndicho chakuti wina anabwera ku ntchito mochedwa, napeza utsi uli tolo pa makwerero, nayamba kumenya zitseko. Tinatuluka tonse opanda nsapato, ndi kuima pa mseu wozizira. Koma wa pansi pa nthaka uja tinamkumbukira titawerengana kawiri. Anatuluka wamoyo, akutsokomola. Mwini nyumba anadza m'mawa, napenta khoma lakuda lija, ndipo mwezi utatha anadzatenga lendi yache yonse. Panalibe munthu wa Boma amene anadziwa kuti m'nyumba muja mugona anthu angati.

Ena sanapulumuke monga ife. M'chaka cha 1999, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, anyamata awiri ophunzira anafa ndi moto m'nyumba ya lendi ya pansi, imene mazenera ache anali ndi zitsulo. Chaka chotsatira, 2000, Scotland inalamula kuti nyumba zotere zikhale ndi chiphaso, ndipo kumeneko lamulo ligwira ngakhale nyumba ya anthu atatu a mabanja atatu. Chifukwa chache ncha poyera. M'nyumba ya banja limodzi, moto ukabuka, mai adziwa pamene mwana ali yense wagona. Koma m'nyumba ya alendi munthu ali yense atseka chitseko chache ndi kiyi, wina agwira ntchito usiku wina usana, wina aphika pamene anzache ali m'tulo, ndipo palibe adziwa ngati wa chipinda chachitatu alimo kapena wachoka. Pamenepa ndipo ndinazindikira chimene lamulo lifunsa likamati “banja limodzi.” Silifunsa za mfunda. Lifunsa ngati alipo wina amene adzawerenga mitu utsi ukadzaza nyumba.

Ndinalemba mapepala, ndi kulipira. Mapepalawo ndi ambiri. Afuna chikalata cha mmisiri wa gasi, chimene chiyenera kukonzedwanso chaka ndi chaka. Afuna cha mmisiri wa magetsi, cha zaka zisanu. Afuna chithunzi cha nyumba chosonyeza chipinda chiri chonse ndi muyeso wache. Ndipo afuna kudziwa ngati mwini nyumba ndi munthu woyenera, wosapezekapo ndi mlandu wa chinyengo, wa chiwawa, wa mankhwala oletsedwa, kapena wa tsankho. Ndinakhala mausiku anai pa kompyuta, mwana wanga akundithandiza ndi kundiseka.

Woyendera nyumba anadza miyezi isanu itapita. Anali mai wa msinkhu wapakati, wonyamula kachipangizo koyezera ndi kuwala, ndipo anavula nsapato pakhomo osauzidwa, chimene chinandichepetsa ukali. Ndinali nditakonza zonse dzulo lache, kapena ndinayesa chotero. Polowa kophikira tinapeza chitseko, chimene chiyenera kudzitseka chokha kuti moto usafalikire, chitatsegulidwa ndi kutsamiritsidwa ndi thumba la ufa. Maiyo anayang'ana kudenga, ndipo inenso ndinayang'ana: kachipangizo ka utsi kanali katavekedwa sokosi. Abale anga, manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chiyambire. Ine amene ndinaima pa mseu wopanda nsapato, m'nyumba yanga munali sokosi pa denga. Maiyo sanakalipe. Anati kophikira kufunika kachipangizo komva kutentha, kosalira ndi utsi wa mafuta, ndipo ka utsi kakhale pakhonde ndi pa makwerero, tonse tolumikizana kuti kamodzi kakalira tilire tonse. Zaka zonsezi sindinadziwe kuti pali mitundu iwiri.

Koma mlandu waukulu unali pamwamba. Lamulo lomwe lija la 2018 linaikanso muyeso wa chipinda chogona: munthu mmodzi woposa zaka 10 afunika masikweya mita 6.51, anthu awiri 10.22, ndipo mwana wosafika zaka 10 afunika 4.64. Maiyo anayeza chipinda cha mnyamata wa ku Ntcheu: mamita 2.8 m'litali, 2.1 m'lifupi. Anachulukitsa napeza 5.88. Anati, chipinda ichi sichiloledwa kugonamo munthu wamkulu. Chiphaso mudzalandira, koma mudzapatsidwa nthawi, yosapitirira miyezi 18, kuti mukonze.

Mnyamatayo anali ataima pakhomo, atangodzuka, pakuti anali kugwira ntchito usiku m'nyumba yosungira katundu. Maiyo atachoka anati, “Malume, ine sindinadandaule. Kwathu tinali kugona anai m'chipinda chochepa kuposa chino.” Ndipo ananena zoona. Ndarama imene anali kupulumutsa pa chipinda chija ndiyo inali kulipira sukulu ya mlongo wache ndi feteleza wa amai ache. Ndinaona chinthu chowawa: ndinakana kumchotsa mwa chinyengo, ndipo tsopano lamulo linafuna kumchotsa mwa chilungamo. Kufikira lero sindinganene kuti munthu amene anakhala mu ofesi nalemba 6.51 anadziwa bwino za moyo wa mnyamata uja koposa mwini wache. Koma ndidziwanso kuti pakapanda mzere wolembedwa, eni nyumba tidzachepetsa chipinda chaka ndi chaka, ndipo nthawi zonse adzapezeka wosauka wonena kuti sanadandaule. Mwini nyumba ya malasha ija nayenso sanamvepo dandaulo.

Anatimasula ndi mai wa ku Zimbabwe uja, amene chipinda chache chinali chachikulu ndi chogundana ndi chaching'onocho. Tiri pansi tonse kukambirana, iye anagogoda khoma la pakati ndi chala, ndipo linalira ngati ng'oma, pakuti silinali la njerwa koma la matabwa. Anati, “Baba, khomali silingasunthe kodi? Ine kabati yanga ikhoza kuima kwina.” Tinaitana mmisiri, ndipo analisuntha masentimita 30. Chipinda cha mnyamata chinakhala 2.8 ndi 2.4, ndiko 6.72. Ntchito imeneyo, pamodzi ndi zitseko zatsopano ndi tizipangizo ta moto, inadya ndarama zoposa kawiri mtengo wa chiphaso. Mnzanga wa njira ziwiri uja atamva anapukusa mutu nati walira mvula walira matope.

Tsono za mtengo wa chiphasowo, umene unayambitsa zonsezi. Nditakhala pansi ndi pensulo ndinapeza kuti £1,200 pa zaka zisanu ndi £240 pa chaka, ndiyo £20 pa mwezi, ndiyo £4 pa mlendi mmodzi pa mwezi. Ndinachita manyazi kuti ndinafuna kunama chifukwa cha £4. Koma musayese kuti ndinasenza ndekha. Chaka chotsatira ndinakweza lendi ndi £10 pa chipinda, ndipo ndinawauza alendi chifukwa chache. Eni nyumba akamanena kuti chiphaso chiwasautsa, ndi makhonsolo akamanena kuti alipiritsa eni nyumba, onse awiri adziwa kuti potsiriza ndarama ituluka m'thumba la wogona m'chipinda.

Ndipo ziripo zimene ndidandaula nazo kufikira tsopano. Mtengowo suikidwa ndi Boma lalikulu. Khonsolo iri yonse iika wache, kotero kuti nyumba ziwiri zofanana, zolekana ndi mseu umodzi wa malire, zikhoza kulipira mosiyana ndi mapaundi mazana angapo, ndipo m'malo ambiri mtengo upitirira £1,000. Ndarama zimenezi ziyenera kulipira ntchito ya ziphaso yokha, osati kukhala phindu la khonsolo. M'chaka chomwe chija cha 2018, pa mlandu wa Gaskin ndi khonsolo ya Richmond upon Thames, bwalo lalikulu linaweruza kuti khonsolo siingafune ndarama zonse pa tsiku lopempha chiphaso, koma zokhazo zolipira ntchito yoona pempholo. Chifukwa chache makhonsolo ambiri anagawa mtengo pawiri: gawo loyamba popempha, lachiwiri chiphaso chikaperekedwa, ndilo lolipira kuyendera nyumba ndi kusaka osamvera. Pokonzanso chiphaso changa m'chaka cha 2024 ndinalipira motero, ndipo mtengo unali utakwera.

Gawo lachiwirilo ndilo limandiwawa. Pa zaka zisanu woyendera nyumba anadza kwanga kawiri kokha, ndipo ine ndinali wodziulula ndekha. Koma mseu womwewo ndidziwa nyumba mmene muli nsapato khumi ndi ziwiri pakhomo ndi mabini osefukira, ndipo dzina lache mulibe m'buku la ziphaso, limene khonsolo iri yonse iyenera kulisunga poyera kuti ali yense aliwerenge. Chilango chiripo ndithu. Kuyambira 2017 khonsolo inapatsidwa mphamvu ya kulipitsa mwini nyumba wopanda chiphaso kufikira £30,000 osapita naye ku bwalo, ndipo alendi anatha kupempha kuti abwezeredwe lendi ya miyezi 12. Lamulo lina la 2025 linakweza zimenezi kufika £40,000 ndi miyezi 24. Koma chilango chigwira amene wapezeka, ndipo kupeza kufuna anthu oyenda ndi miyendo. Alendi a m'nyumba zotere sanena, makamaka anzathu amene anadza ambiri kuyambira 2022 pa ntchito yosamala okalamba, amene nthawi zina mwini nyumba ndi yemweyo anawalemba ntchito. Munthu wotere akaulula za chipinda, aopa kutaya ntchito ndi chilolezo chokhalira m'dziko pa tsiku limodzi.

Za nyumba ya nsapato khumi ndi ziwiri ija, mkazi wanga wandifunsa kawiri ngati sindidzalembera khonsolo. Mwini wache ndi wa kwathu, ndipo tinaikira limodzi maliro a anzathu. Ndikalemba, anthu ena adzachotsedwa m'zipinda zao, ndipo sindidziwa kumene adzapita. Ndikapanda kulemba, ndikumbukira makwerero odzaza utsi. Mwezi wathawu ndinachita chapakati, chimene mwina ndi mantha chabe: ndinapita kwa iye ndi tizipangizo tiwiri ta utsi ndi kamodzi ka kutentha, ndi pepala la pempho la chiphaso, ndipo ndinamuuza kuti Khrisimasi ikadzafika asanalembe, ndidzalemba ndine. Analandira tizipangizoto, koma sanandiperekeze pakhomo.

Mnyamata wa ku Ntcheu anakhala m'chipinda chija zaka zina zitatu, ndipo anachoka atakwatira. Tsopano mugona mtsikana wophunzira unamwino, amene sadziwa kuti khoma linasunthapo. Tsiku loyamba la mwezi uli wonse ndimapita kumeneko ndi ndodo ya tsache, ndi kukanikiza kabatani ka kachipangizo ka pakhonde, ndipo tonse timalira pamodzi kuyambira pansi kufikira pamwamba, ogona usana natukwana m'zipinda zao. Thumba la ufa ndinaligulira chidebe chache. Koma Lachiwiri lapitali ndinapeza chitseko cha kophikira chitatsamiritsidwanso, tsopano ndi mpando.